Kodi Makina a M'lamya Angaphunzitse Ana Athu Chingerezi?

Amayi anzanga, palibe kholo m'dziko muno limene silidziwa kulemera kwake kwa phunziro la Chingerezi. Mwana angakhoze masamu, angakhoze zaulimi ndi sayansi, koma akagwa Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, setifiketi ya MSCE imamudutsa. Mafunso a mayeso a Sitandade 8, kupatula a phunziro la Chichewa, amadza m'Chingerezi. Kalata yofunsira ntchito, mapepala a kubanki, ngakhale malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala, zambiri mwa izi zili m'chilankhulo chomwecho. Chikhalirecho ana athu ochuluka amamva Chingerezi m'kalasi mokha, ndipo belu loweruka likangolira amachisiya momwemo pamodzi ndi choko ndi bolodi.

Vuto si ulesi wa ana, ndiponso si ulesi wa aphunzitsi. Chilankhulo chimakhazikika m'mutu pochilankhula, monga momwe kusinja kumakhazikikira m'manja pogwira munsi. Nanga mphunzitsi mmodzi amene wayang'anizana ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo angacheze bwanji ndi aliyense payekha? Mwana wamanyazi, makamaka mtsikana, angathe kumaliza chaka chathunthu osatulutsa chiganizo chimodzi cha Chingerezi pakamwa pake, kuopa kuti anzake angamuseke.

Tsono kwadza mlendo amene akuti angathandize pa vuto limeneli. M'malamya a m'manja ndi m'makompyuta muli mapulogalamu amene munthu amacheza nawo ngati akucheza ndi mnzake: ukawafunsa amayankha, ukalakwa amakukonza, ndipo ena amamva ngakhale mawu a pakamwa. Ambiri akungowatcha AI, kutanthauza nzeru zochita kupanga. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamameta bwino, komanso kamatema wogwira mosasamala, motero nkoyenera kuti ife makolo timudziwe mlendoyu tisanamusiyire ana athu.

Mlendoyu adachokera kuti?

Pa 30 Novembala 2022 kampani ya ku America yotchedwa OpenAI idatulutsa pulogalamu ya ChatGPT, ndipo pasanapite miyezi yambiri mbiri yake idawanda pa dziko lonse lapansi. Makampani ena adatsatira: Microsoft ili ndi yake yotchedwa Copilot, ndipo Google ili ndi Gemini. M'mwezi wa Epulo 2024 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, idafalitsa pulogalamu yake ya Meta AI kunja kwa America, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adali m'gulu la maiko oyamba kuilandira, ikulankhula Chingerezi. Ndiye kuti m'nyumba zambiri m'mene muli lamya yokhala ndi WhatsApp mlendoyu adalowa kale, ngakhale eni nyumba sadamve odi wake.

Kagwiridwe kake ka ntchito si matsenga ayi. Wina akayamba mwambi ndi mawu akuti "Safunsa", aliyense wa inu amamaliza yekha kuti "anadya phula", pakuti mudaumva kambirimbiri chiyambire ubwana wanu. Makinawa nawonso adawerengetsedwa zolembedwa zochuluka zedi, zoti munthu sangazimalize ngakhale atakhala ndi moyo zaka zikwizikwi, kufikira adazolowera kuti mawu akutiakuti amatsatana ndi akutiakuti. Tsono ukawafunsa kanthu amalumikiza mawu limodzilimodzi, kusankha amene akuoneka kuti ndiwo oyenera kudza patsogolo.

Apa pali zinthu zitatu zoti tizisunge mumtima. Choyamba, Chingerezi chawo nchosalala, chifukwa zambiri zimene adawerenga zidali m'Chingerezi. Chachiwiri, Chichewa chawo chimatsimphina, chifukwa zolembedwa m'Chichewa nzochepa pa intaneti. Pulogalamu yomasulira ya Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, koma mwambi kapena nthabwala ikalowa m'menemo ikhoza kutuluka itapindika. Chachitatu, chimene chili chachikulu pa zonse, makina amene ntchito yawo ndi kulumikiza mawu okoma kumva sachita manyazi kunena bodza. Pamene sadziwa, nthawi zina amapeka yankho ndi kulinena molimba mtima ngati mboni yoona ndi maso. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene zidachitika ku Nigeria

Kuti tione ngati makinawa angaphunzitsedi Chingerezi, tiyeni tipite ku Nigeria, dziko la kumadzulo kwa Africa kumene, monga kwathu kuno, ana ambiri amalankhula zilankhulo zina kunyumba koma amalemba mayeso m'Chingerezi. Mumzinda wa Benin City, likulu la chigawo cha Edo, akatswiri a World Bank pamodzi ndi akuluakulu a maphunziro a m'chigawocho adachita kafukufuku m'miyezi ya Juni ndi Julayi 2024. Adapita m'sukulu 9 za sekondale za boma, kwa ophunzira a zaka pafupifupi 15. Ofuna adalembetsa maina, kenaka padachitika maere: ena adalowa m'maphunzirowo, ena adatsala kuti pakhale poyerekezera.

Amene adalowa ankatsalira akaweruka, kawiri pa sabata kwa masabata 6, ndipo phunziro lililonse linkatenga mphindi 90. Ankakhala awiriawiri pa kompyuta imodzi, nkumacheza ndi Copilot. Koma taonani kakonzedwe kake, pakuti chinsinsi chagona pamenepo. Mphunzitsi ndiye ankayamba kufotokoza mutu wa tsikulo, wochokera m'silabasi yawo. Mawu oyamba olamulira makinawo adali okonzedweratu, owauza kuti akhale ngati mphunzitsi wothandiza mwana kuganiza, osati wongomupatsa mayankho. Ana ali m'kati mocheza, mphunzitsi ankazungulira kuona amene wasochera kapena amene makina amunamiza, ndipo pomaliza onse ankakambirana zimene aphunzira tsikulo.

Masabata aja atatha, olowa ndi otsala omwe adalemba mayeso papepala, popanda makina. Olowa aja adaposa anzawo m'Chingerezi, ndipo adachitanso bwino pa mayeso a kutha kwa chaka a sukulu zawo. Ofufuzawo adayerekeza phindu la masabata 6 amenewo ndi zimene ana amapindula m'chaka chimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri za sukulu ya masiku onse. Chokondweretsa kwa ife amayi nchakuti atsikana, amene poyamba adali m'mbuyo mwa anyamata, ndiwo adapindula koposa. Ndiponso amene ankabwera mokhulupirika adapindula kuposa ojomba, ngakhale kuti madzi osefukira, kuthima kwa magetsi ndi sitalaka ya aphunzitsi zidasokoneza masiku ena.

Komabe tisafulumire kuimba nthungululu. Ana amenewa adalandira maola apadera ali ndi aphunzitsi awo pamene anzawo adali atapita kwawo, motero phindulo silidachokere ku makina okha. Sukuluzo zidali za mumzinda, zokhala ndi zipinda za makompyuta. Ndiponso ana amene adali okhoza kale ndiwo adapindula kwambiri kuposa ofooka. Chimene tikuphunzira ku Benin City si chakuti makina alowa m'malo mwa mphunzitsi, koma kuti makina olamulidwa bwino, mphunzitsi ali chiimire pambali, amapatsa mwana mpata woyeserera umene kalasi lodzaza silingamupatse.

Chenjezo lochokera ku Turkey

Nanga mwana akasiyidwa yekha ndi makina osalamulidwa, chimachitika nchiyani? Yankho likuchokera ku dziko la Turkey, kumene akatswiri a yunivesite ya Pennsylvania ya ku America adayesa ophunzira a sekondale pafupifupi 1,000, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2024. Phunziro lake lidali masamu, koma chimene adapeza chikukhudza phunziro lililonse. Gulu loyamba lidapatsidwa makina oyankha chilichonse chimene mwana wafunsa. Lachiwiri lidapatsidwa makina omwewo, koma olamulidwa kuti azingolozera njira osaulula yankho. Lachitatu lidalibe makina, lidali ndi mabuku ndi makope basi.

Pa nthawi yoyeserera, a gulu loyamba adaposa opanda makina ndi magawo 48 pa 100 alionse, ndipo woona akadati ana awa atsegula mutu. Koma makina atachotsedwa kuti aliyense alembe mayeso yekha, ana omwewo adatsika ndi magawo 17 pa 100 alionse poyerekeza ndi anzawo amene sadakhudzeko makina. A gulu lachiwiri sadagwe m'dzenje limeneli. Pa mayeso adafanana ndi opanda makina aja.

Ife amayi zimenezi si zachilendo. Mtsikana amene amaphikiridwa masiku onse amakhuta ndithu, koma tsiku limene adzapatsidwe mthiko adzapakula nsima yosapsa. Chimodzimodzi mwana amene aphunzitsi amupatsa chimangirizo, iye nkuuza makina kuti amulembere, nkukopera m'kope. Adzalandira malikisi okoma teremu yonse, makolo nkumayesa zonse zili bwino, koma m'chipinda cha mayeso lamya siiloledwa. M'menemo mumalowa mwana ndi mutu wake wokha.

Pamene makinawa amathandizadi

Ubwino waukulu wa makinawa ndi wakuti satopa ndiponso saseka munthu. Wailesi imalankhula koma siimva, buku limaphunzitsa koma siliyankha, pamene makinawa amadikira mwana kuti alankhule, ndipo angamubwerezere chinthu chimodzi kakhumi osakwinya nkhope. Kwa mtsikana amene amaopa kukweza dzanja m'kalasi, ichi si chinthu chaching'ono.

Ife olankhula Chichewa tili ndi malo athuathu amene timapunthwa m'Chingerezi, ndipo chifukwa chake si kupusa koma kusiyana kwa zilankhulo ziwirizi. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, pamene Chingerezi chimasiyanitsa "he" ndi "she", motero mwana amatha kutchula amayi ake ngati akunena abambo. Ife timati "ndibwereke" popempha ndiponso "ndakubwereka" popereka, pamene iwo ali ndi mawu awiri, "borrow" ndi "lend". Timawu takuti "a" ndi "the" m'Chichewa mulibe, ndiye mwana sadziwa poti atiike. Zilembo za l ndi r kwa ife sizisintha tanthauzo, koma m'Chingerezi "rice" ndi mpunga pamene "lice" ndi nsabwe, ndipo palibe afuna kuitanitsa mbale ya nsabwe. Zilembo zathu za liwu nzisanu zokha, a, e, i, o, u, kotero kuti m'makutu mwathu "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi, chonsecho china ndi sitima ya pamadzi, china ndi nkhosa. Mphunzitsi wa kwathu kuno amawadziwa malo onsewa chifukwa nayenso adadutsamo. Iye akaloza povuta, makina angapatse mwana ziganizo makumi awiri zoyeserera pa chinthu chimodzicho kufikira chitakhazikika.

Njira ina yopindulitsa ndiyo sewero. Mwana angauze makina kuti akhale namwino wa kuchipatala, iye nkukhala wodwala wofotokoza pamene pakupweteka. Angawauze kuti akhale bwana wofunsa mafunso kwa munthu wofuna ntchito, kapena mlendo wogula nsalu pamsika. Njira imeneyi si ya ana a sukulu okha. Mayi wa geni amene amakapikula katundu kunja kwa dziko, kapena mchemwali wathu amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, angayeserere madzulo mawu amene adzawafune m'mawa mwake, popanda womuyang'ana.

Makinawa angathenso kulemba nkhani zazifupi zoti mwana awerenge, zolingana ndi msinkhu wake. Koma muwauze kuti alembe za kuno: za kuchigayo, za kudimba, za ulendo wa pa minibasi. Mukapanda kutero kawirikawiri amalemba za maiko ozizira ndi zakudya zimene mwana sadazionepo, ndipo iye amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chilankhulo chachilendo ndi moyo wachilendo. Aphunzitsi nawonso angapepukidwe pokonza ntchito zosiyana za ana okhoza ndi za ana otsalira, malinga awerenge okha chilichonse asanachipereke m'kalasi.

Zonsezi zimadalira mawu oyamba amene makina auzidwa. Mwana asangoyamba ndi kufunsa yankho. Ayambe ndi kuwauza motere: ndili Fomu 2, chilankhulo changa ndi Chichewa, lankhula nane m'Chingerezi chosavuta, ndifunse funso limodzi pa nthawi, usandilembere yankho, ndikalakwa ndionetse pamene ndalakwa kuti ndikonze ndekha. Popeza makinawa amamva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, pemphani aphunzitsi a mwana wanu kuti amulembere mawu amenewa m'Chingerezi pa tsamba loyamba la kope, kuti aziyamba nawo nthawi zonse.

Pamene makinawa amapunthwa

Pali mapulogalamu amene amamvetsera mwana akulankhula, nkumuuza ngati watchula bwino. Amathandiza, koma makutu awo adazolowera kalankhulidwe ka anthu ena kuposa ena. Mu 2020 akatswiri a yunivesite ya Stanford ya ku America adayesa makina omva mawu a makampani asanu: Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft. Adapeza kuti pa mawu 100 alionse makinawo ankaphonya pafupifupi 19 akamalankhula mzungu, koma 35 akamalankhula munthu wakuda wa ku America komweko, chonsecho onsewo Chingerezi ndicho chilankhulo chawo chobadwa nacho. Tsono makina akalephera kumva mwana wanu, musafulumire kunena kuti wolakwa ndi mwanayo. Cholinga si chakuti alankhule ngati wobadwira ku London, koma kuti amveke kwa womumvera ndiponso amve zimene akuuzidwa.

Palinso mapulogalamu amene amati angazindikire ngati chimangirizo chalembedwa ndi munthu kapena ndi makina. Mu 2023 akatswiri ena a ku Stanford komweko adayesa mapulogalamu 7 otere pa zimangirizo 91 zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi adachita kuphunzira. Zoposa theka zidaweruzidwa kuti nzolembedwa ndi makina, pamene zidali za anthu enieni. Chifukwa chake nchakuti wophunzira chilankhulo amagwiritsa ntchito mawu osavuta ndi obwerezabwereza, ndipo mapulogalamuwo amayesa chimenechi ndi chizindikiro cha makina. Chaka chomwecho kampani ya OpenAI idachotsa pulogalamu yake yamtunduwu chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Motero mwana akaganiziridwa kuti wabera, chilungamo nchakuti afunsidwe pamaso kuti afotokoze zimene walemba. Wolemba yekha amafotokoza, wokopera amangoti kakasi. Mulimbikitseninso kusunga mapepala amene adayambira kulembapo, okhala ndi zofufuta zake zonse, pakuti amenewo ndiwo mboni yake.

Chinanso nchakuti makina ochezawa amafuna munthu wodziwa kale kuwerenga. Mwana amene sanagwire bwino zilembo m'chilankhulo chake sangapindule nawo kanthu. Mu 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, koma aphunzitsi amadziwa kuti mwana amayamba kumvetsa zinthu m'chilankhulo chimene adayamwira. Mu 2023 boma lidayambitsa ntchito ya BEFIT yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulaimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziyesererapo kuwerenga ndi masamu. Pulogalamu ya m'matabuletiwo, yopangidwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain, si yocheza nayo ngati ChatGPT ayi, koma imapatsa mwana ntchito yolingana ndi pamene wafika. M'mera mpoyamba: mwana wodziwa kuwerenga Chichewa ali kale ndi makwerero okwerera ku Chingerezi. Choncho musaleke kumufotokozera nthano ndi kumuwerengetsa m'chilankhulo chake poganiza kuti mukumuchedwetsa.

Za msinkhu, bungwe la UNESCO, loona za maphunziro pa dziko lonse, lidalangiza mu 2023 kuti ana osafika zaka 13 asamagwiritse ntchito makina ochezawa m'kalasi. Ngati ku sukulu kumene kuli aphunzitsi akuchenjeza chotero, kuli bwanji kunyumba usiku mwana ali yekha m'chipinda?

Mayi wosadziwa Chingerezi angatani?

Ambiri a ife sukulu tidailekezera panjira, ndipo wina angati, ine Chingerezi sindichidziwa, ndingayang'anire bwanji zimene sindizimva? Musadziderere, mayi. Simusowa kudziwa kusoka kuti muone kuti telala wakhotetsa msoko.

Choyamba, yang'anani pa galasi la lamya. Mawu a mwana amakhala mbali ina, a makina mbali ina. Ngati mwana walemba kamzere kamodzi ndipo makina ayankha tsamba lathunthu, kenaka mwana nkuyamba kukopera, dziwani kuti akuphikiridwa. Ngati akulandizana mawu mwachidule, uyu kufunsa uyu kuyankha, ndiye kuti mthiko uli m'manja mwa mwana.

Chachiwiri, dongosolo likhale lakuti kope patsogolo, lamya pambuyo. Mwana ayambe walemba yekha ndi cholembera, ngakhale molakwitsa. Akatha, ndipo afunse makina kuti amuonetse zolakwa, iye nkukonza ndi dzanja lake.

Chachitatu, akamaliza tengani lamyayo muike m'thumba, ndipo mumuuze kuti akuwerengereni mokweza zimene walemba, kenaka akufotokozereni m'Chichewa. Mufunseni mawu atsopano atatu amene waphunzira lero ndi matanthauzo ake, mawa mudzamufunsenso omwewo. Potero inunso mudzatolako mawu ena, ndipo palibe manyazi kuphunzira kwa mwana wako.

Chachinayi, makina akanena china ndipo buku la sukulu likanena china, mwana apite nalo funsolo kwa aphunzitsi. Asatsutsane ndi aphunzitsi modzikuza chifukwa chakuti lamya yatero, komanso asaope kufunsa mwaulemu. Mayeso amachokera m'silabasi, ndipo wodziwa silabasi ndi mphunzitsi.

Chachisanu, mwana asauze makina zinsinsi za pakhomo. Asalembemo dzina lake lonse, kumene amakhala, nambala ya chiphaso cha unzika kapena nambala yachinsinsi ya ndalama za m'lamya, ndipo asatumizemo zithunzi zake. Zolembedwa m'menemo zimapita ku makompyuta a makampani akutali, ndipo sitingaziitanitse kuti zibwerere. Akumbukirenso kuti ngakhale makinawa amalankhula mokoma ngati bwenzi, si munthu. Zakukhosi azikamba ndi amayi ake, azakhali ake kapena alangizi.

Lamya ya yani, bandulo ya yani?

Walira mvula walira matope. Makinawa amafuna lamya yamakono, bandulo ya intaneti ndi potchajira, ndipo nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi. Pakhomo pamene pali lamya imodzi, kawirikawiri imayenda ndi abambo, ndipo ikabwera madzulo imafikira m'manja mwa mnyamata pamene mtsikana ali pamoto kapena kumjigo. Tikapanda kusamala, chida chimene chidakweza atsikana a ku Benin City chidzasiya athu m'mbuyo koposa kale. Tigawe nthawi mofanana, ndipo tigawenso ntchito za pakhomo kuti mtsikana apeze mpata wokhala pansi ndi kope lake.

Pali choopsa china chimene tiyenera kuchinena poyera. Mtsikana amene afunitsitsa kuphunzira koma alibe lamya angakopeke ndi mwamuna womubwereka yake kapena womugulira mayunitsi, ndipo tonse tikudziwa kuti mphatso zotere zimadza ndi ngongole yake. Mwana wamkazi asapite yekha kunyumba kwa mwamuna aliyense chifukwa cha lamya, ngakhale mwamunayo atakhala wodziwika ndi wolemekezeka m'mudzi.

Apa mpamene magulu athu angagwire ntchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Gulu la banki m'khonde limene limatha kusonkha za feteleza lingathenso kusonkha za lamya imodzi ya gulu ndi bandulo ya pamwezi. Lamyayo isungidwe ndi mayi wodalirika, ndipo ana azikumana masana pamalo oonekera, masiku awiri pa sabata, awiriawiri kapena atatuatatu, kuti pamene wina akulemba anzake azimuthandiza ndi kulankhulana m'Chingerezi. Pakhale munthu wamkulu wodziwa Chingerezi woyang'anira, kaya mphunzitsi wopuma ntchito kaya mtsikana amene adamaliza Fomu 4. Amayi a m'magulu oyang'anira atsikana m'sukulu akambirane ndi mphunzitsi wamkulu kuti mitu yoyeserera izichokera ku zimene zikuphunzitsidwa m'kalasi sabata imeneyo. Ana akamaliza, nafenso amayi tingatsalire theka la ola kuyeserera moni, mitengo ya katundu ndi kalembedwe ka kalata.

Mukakumana m'gulu lanu sabata ino, funsanani mafunso atatu. Kodi ana athu akugwiritsa kale ntchito makinawa, ndipo akuwagwiritsa motani? Kodi ndani m'mudzi muno angakhale nawo pansi kawiri pa sabata? Kodi atsikana athu akupeza mpata wofanana ndi wa anyamata? Mayankho ake mupite nawo ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Makina angayankhe mwana usana ndi usiku, koma sadziwa ngati wadya, sadziwa chifukwa chake wajomba, ndipo sadzakondwa tsiku limene dzina lake lidzatuluke pa mndandanda wa okhoza. Zimenezo nzathu ife makolo ndi aphunzitsi, ndipo tisazisiyire wina.